Malcolm in the Middle: nthabwala za banja lodzala ngongole, ndi zoti mudziwe musanaligule muno mu Harare

Masewero a nthabwala a ku America onena za mabanja alipo ambirimbiri, koma ochuluka amanama pa nkhani ya ndalama. Amakuuzani kuti banja ndi losauka, koma nyumba yake ndi yosanja, pabalaza pokwana anthu a mpingo wonse, ana akusintha nsapato gawo lililonse. Malcolm in the Middle ndi limodzi mwa ochepa amene sanachite chinyengo chimenecho. Kapinga wa pakhomo ndi wouma, anyamata atatu akugona chipinda chimodzi cha mabedi awiri, ndipo chinthu chikawonongeka m'nyumbamo funso loyamba silikhala lakuti tigula liti china, koma lakuti tisiya kulipira chiyani mwezi uno. Pa chifukwa chimenechi ife tikuti ndi loyenera kuligula, makamaka kwa banja la ku Mufakose, Mbare, Tafara kapena Dzivarasekwa limene limadziwa kuti malipiro amatha pa 10 mwezi ukadalipo. Koma lili ndi zofooka zake, ndipo kulipeza labwinobwino muno n'kumene anthu ambiri amataya ndalama pachabe.

Seweroli linayamba kuonetsedwa pa kanema wa Fox pa 9 January 2000 n'kutha pa 14 May 2006. Amene analiyambitsa ndi Linwood Boomer. Lili ndi masizoni 7 ndi magawo 151: sizoni yoyamba ili ndi magawo 16, yachiwiri 25, ndipo zisanu zotsalazo magawo 22 iliyonse. Gawo limodzi ndi mphindi pafupifupi 22, kotero lonse ndi maola 55 kapena kuposera pang'ono. Manambalawa muwasunge, chifukwa ndi amene mudzawerengere pogula kuti muone ngati sakukuberani.

Banja lake ndi la bambo Hal, amene amasewera ndi Bryan Cranston, ndi mayi Lois, amene amasewera ndi Jane Kaczmarek. Bambo amagwira ntchito ya mu ofesi imene saikonda ngakhale pang'ono. Mayi ndi ogulitsa m'sitolo yotchedwa Lucky Aide, ya mankhwala ndi zinthu zina za pakhomo. Ana ndi anyamata okhaokha. Woyamba, Francis, anamutumiza ku sukulu ya usilikali chifukwa cha kupulupudza, ndipo fizi yake ndi bowo limodzi lalikulu m'thumba la banjali. Wachiwiri ndi Reese, wa nkhonya, koma pambuyo pake zimadziwika kuti ali ndi dzanja la kuphika. Wachitatu ndi Malcolm mwini sewero, amene m'gawo loyamba amuyeza nzeru n'kupeza IQ ya 165, n'kumuika m'kalasi ya ana anzeru kwambiri imene anzake amaiseka. Kenako Dewey, wovala zosiyiridwa ndi akulu ake onse, amene amadzapezeka kuti ndi katswiri wa nyimbo. Wachisanu, Jamie, amabadwa kumapeto kwa sizoni yachinayi, pa nthawi imene m'nyumbamo munalibe ngakhale ya matewera.

Chinthu choyamba chimene mudzazindikire n'chakuti mulibe kuseka kojambula kuja kumene masewero ambiri amathira kuti akuuzeni poyenera kuseka. Analijambula ngati filimu, popanda gulu la oonerera, ndipo Malcolm amatembenuka n'kulankhula ndi inu oonera mwachindunji. Masiku ano zimenezi n'zofala, koma mu 2000 zinali zachilendo. Zotsatira zake n'zakuti nthabwala zimathamanga. Palibe podikira kuti anthu amalize kuseka, ndiye amene Chingerezi cha ku America chimamuvuta amatsalira. Tibwereranso ku nkhani imeneyi pofika pa zimbale.

Tsopano za ngongole, pakuti ndi pamene pali mtima wa seweroli. Olemba ake anamvetsa chinthu chimodzi chimene olemba ambiri sachidziwa: banja la pantchito siligwa ndi ngongole imodzi yaikulu, limagwa ndi ting'onoting'ono tobwera motsatizana, kena kasanathe kena kafika. Pali kachigawo kakafupi kotsegulira gawo lina kamene kamaonetsa zimenezi popanda kutchula ndalama n'komwe. Bambo Hal afika kunyumba, ayatsa getsi la m'khitchini, babu lapsa. Apita kukatenga babu lina pa shelefu, apeza shelefuyo ikugwedera. Atsegula dilowa kuti atenge chomangira, dilowayo ikulira. Atenga chitini cha mafuta opopera, chatha. Alowa m'galimoto kuti akagule, galimoto ikumveka zachilendo. Mayi Lois pofika apeza amuna awo ali chagada pansi pa galimoto, mafuta thupi lonse, n'kuwapempha kuti asinthe babu la m'khitchini lija. Zonsezi sizikwana mphindi imodzi, ndipo munthu aliyense amene anayesapo kukonza mpopi wa pa loja n'kupezeka akugula simenti amaseka mpaka misozi.

Gawo la sizoni yoyamba lotchedwa Lois vs. Evil ndiye loyamba kuonetsa kuti banjali likuyenda pa ulusi. Dewey atenga botolo la mowa wa $150 m'sitolo imene mayi ake amagwira ntchito. Mayi Lois, poti ndi munthu wosalola chinyengo, amukoka kukabweza botololo, ndipo bwana wawo awachotsa ntchito pomwepo. Malipiro amodzi okha kuchoka, m'masabata ochepa chakudya chasowa, mpaka mtsikana wina wa kusukulu kwa Malcolm asonkhetsa zakudya za m'zitini kuti athandize banjali pamaso pa sukulu yonse. Chosekesa si umphawiwo ayi, koma manyazi ake: mnyamata akadakonda kugona ndi njala kusiyana n'kuti anzake adziwe. Seweroli silimuweruza pa zimenezo, ndipo silisandutsa mayi Lois kukhala wolakwa chifukwa chonena zoona. Limangoonetsa mtengo wake.

Limene ife timaliika pamwamba pa onse pa nkhani ya ndalama ndi The Grandparents la sizoni yachiwiri. Firiji yafa. Makolo a mayi Lois, a Victor ndi a Ida, abwera kudzacheza, ndipo alonjeza kuti athandiza kulipira ina. Bambo Hal ndi akazi awo, pokhulupirira mawu a akuluakulu, akatenga firiji yatsopano yodula kuposa mphamvu zawo. Itafika nthawi yopereka, agogo aja asintha mawu, ndalama palibe. Apa olemba anagwira chinthu chimene tonse timachidziwa: ngongole yoopsa kwambiri ndi imene mumatenga podalira lonjezo la wachibale, chifukwa simungamutengere kukhoti, simungamukalipire, ndipo mawa mudzakumana naye pa maliro. Mmene gawoli limathera ndi misala yeniyeni. Agogo aamuna apatsa Reese bomba la m'manja la nthawi ya nkhondo, kachitsulo kotsekera kachoka, ndipo malo okhawo amene anyamata apeza oliponyamo ndi m'firiji yatsopano ija, isanalipiridwe. Bambo Hal, amene nthawi zonse amanjenjemera pamaso pa apongozi awo, akhala nawo pansi mwaulemu wonse n'kuwauza kuti pali njira ziwiri: ndalama kapena apolisi. Gogo Ida amasewera ndi Cloris Leachman, amene analandira mphoto ya Emmy kawiri chifukwa cha mbali imeneyi, ndipo n'zosadabwitsa. Ndi gogo wankhanza kwambiri amene munamuonapo pa kanema, wosasintha mpaka kumapeto.

Kwawo kwa bambo Hal nakonso n'kolemera, koma sikuthandiza. Mu Family Reunion, sizoni yachinayi, timaona kuti abale awo ali ndi chuma chambiri ndipo amanyoza mayi Lois poyera, mpaka kuwasiya dala pojambula chithunzi cha banja. Pamenepo mumamvetsa chifukwa chake bambo Hal amalolera kumira m'ngongole m'malo mopita kukagwada kwawo.

Magawo ena atatu a kumapeto ndi ofunika kuwatchula chifukwa amalowa m'kati mwa mapepala enieni. Mu Hal's Christmas Gift, sizoni ya 6, mayi Lois akangana ndi mayi wina pamalo oimikapo magalimoto mpaka awiriwo agundanitsa magalimoto awo dala, ndipo ndalama ya Khirisimasi yonse ithera pamenepo. Banja ligwirizana kuti aliyense apange mphatso ndi manja ake. Zidziwika kuti Malcolm ali ndi khadi la ngongole m'dzina lake, ndipo bambo ake, amene asowa chopereka, apeza chipulumutso m'khadi la mwana wawo yemweyo. Mu Malcolm's Money, sizoni ya 7, pabwera cheke cha $10,000 cha maphunziro a Malcolm iye asakudziwa, makolo achigwira, ayamba kukangana chimene nyumba ikusowa kwambiri, kenako mayi Lois, amene ndi wapolisi wa ndalama m'nyumbamo, ndi amene agwa m'mayesero n'kugula kanyumba ka zidole. Anthu ena amadana nalo gawoli ponena kuti likuipitsa mayiyo. Ife tikuona kuti ndi limodzi mwa oona kwambiri: munthu amene wakhala zaka makumi awiri akudzimana chilichonse, tsiku limene ndalama yagwera m'manja mwake sagula mapaipi. Ndipo mu Health Insurance, sizoni yomweyo, bambo Hal apeza kuti inshuwalansi ya chipatala inaduka miyezi ingapo yapitayo chifukwa cha kusasamala kwawo, ndipo singabwerere mpaka Lolemba. Mapeto a sabata onse akhala akubisa mipeni ndi kuletsa ana kuthamanga, osaulula kwa akazi awo. Amene anadumphitsapo mwezi wa medical aid kapena wa sosaiti ya maliro akudziwa kugunda kwa mtima kumeneko.

Koma apa pafunika kunena mosabisa kuti ngongole ya ku America si yofanana ndi ya muno, ndipo woonera wa mu Harare akapanda kuzindikira zimenezi nthabwala zina zimamudutsa. Kumeneko banja lonse limayenda pa makhadi a ngongole, ngongole ya nyumba ya ku banki, ndi mbiri ya munthu ya kabwezedwe imene imamutsatira kulikonse. Ndalama yake ndi imodzi ndipo sisungunuka, ndiye ngongole ya mu 2000 imakhala ikukudikirani mu 2006 itabereka ana. Muno tinaona zosiyana. Mu 2008 amene anali ndi ngongole ya dola ya Zimbabwe ku banki kapena ku sitolo ya mipando anaibweza ndi mtengo wa buledi, pamene amene anasunga ndalama ndi amene analira. Mu 2013, chisankho chili pafupi, boma linalamula makhonsolo kufafaniza ngongole za madzi ndi misonkho ya nyumba zimene zinaunjikana kuchokera mu 2009. Mu 2019 lamulo la SI 33 linasandutsa ngongole zambiri za madola a America kukhala za RTGS, ndalama ya muno ya nthawiyo, pa mlingo wa imodzi kwa imodzi, ndipo khoti la Supreme linavomereza zimenezo kumayambiriro kwa 2020. Kenako mu April 2024 kunabwera ndalama ina yatsopano, ya ZiG. Munthu amene anakulira m'zimenezi amaona bambo Hal akutuluka thukuta ndi kalata ya ku banki n'kudabwa kuti akuopa chiyani.

Ngongole imene imafanana ndi ya m'seweroli muno ndi ija yosasungunuka: lendi ya landilodi ya madola a America, fizi ya sukulu, katapila wa chimbadzo amene chiwongoladzanja chake amawerengera pamwezi osati pachaka, ndalama ya mukando, yosonkherana mosinthana, imene mwadya kale koma anzanu akudikira yawo, ngongole yodulidwa ku malipiro kudzera ku SSB, ofesi yolipira ogwira ntchito m'boma, ndi ngongole yakale ya magetsi imene amadulako gawo nthawi iliyonse mukagula mayunitsi. Mukamaonera muziika zimenezi pamalo pa makhadi aja, zonse zimalowa m'malo mwake. Chosiyana china chachikulu n'chakuti banja la bambo Hal lili lokhalokha. Alibe malume wa ku Johannesburg wotumiza kanthu kumapeto kwa mwezi, alibe amayi a chigwirizano, alibe sosaiti, alibe ngakhale aneba owakonda, pakuti msewu wonse umadana nawo. Kwa ife amene makolo athu anafika muno kuchokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia n'kupulumuka chifukwa cha masosaiti ndi mipingo, kusungulumwa kumeneko ndi chinthu chachilendo kuposa chipale chofewa.

Zofooka zilipo. Nkhani ya Francis imayenda payokha kutali ndi banja, ndipo siyofanana mphamvu. Masizoni awiri oyamba ali ku sukulu ya usilikali, ndipo ndi abwino. M'sizoni yachitatu amapita ku Alaska kukafuna ndalama, n'kukagwa m'manja mwa bwana amene amamudula malipiro pa chakudya ndi pogona mpaka iye ndi amene akhala ndi ngongole kwa bwanayo. Mfundoyo ndi yakuthwa, ndipo zidzukulu za anthu a m'mafamu ndi m'migodi sizifunika kuifotokozeredwa, koma magawo ake amabwereza nthabwala imodzimodzi. Za ku famu ya alendo ya a Otto, kumene Francis amakagwira ntchito m'sizoni yachinayi ndi yachisanu, n'zosangalatsa koma zilibe mano. M'masizoni awiri omaliza Francis amangooneka mwa apo ndi apo, ndipo zimaonekeratu kuti olemba anasowa chochita naye. Malcolm mwini wake akamakula amasanduka wodandaula kwambiri, moti pofika sizoni ya 6 ambiri amakhala akuonera chifukwa cha bambo Hal ndi Dewey. Nkhani ya Reese yolowa usilikali kumapeto kwa sizoni yachisanu inapitirira muyeso. Chimene chimaipulumutsa ndi mlandu wa bambo Hal m'magawo omwewo: mabwana a kampani awakankhira milandu yawo yakuba, ndipo apulumuka chifukwa Malcolm azindikira kuti masiku onse a milanduyo ndi Lachisanu, pamene bambo ake akhala zaka 15 akujomba kuntchito Lachisanu lililonse.

Gawo lomaliza sitilifotokoza lonse. Tingonena kuti likukhudza fizi ya yunivesite ya Harvard, ntchito ya malipiro aakulu imene Malcolm apatsidwa, ndi chimene mayi ake aganiza m'malo mwake, ndipo ndi gawo limene limayambitsa mkangano weniweni pabalaza pakati pa makolo ndi ana achikulire. Musalionere musanaone ena, silimveka.

Za oonera nawo, chenjerani. Gawo loyambirira lenilenilo limaonetsa mayi Lois akumeta amuna awo ubweya wa kumsana m'khitchini, bambo ali chibadwire kuseri kwa nyuzipepala, ana akudya pomwepo, ndipo patsogolo pake mayiyo atsegulira mphunzitsi chitseko alibe chovala cha kumtunda. Kamera sionetsa zosayenera, koma ngati pampando pali apongozi, wina adzafunika kutuluka kukaona ngati geti latsekedwa. Nthabwala za kuchipinda za makolo awiriwa zimabwera kawirikawiri. Ana amayankha makolo mwamwano, amamenyana, amanama, ndipo mayi Lois amakalipa pafupifupi gawo lililonse. Chabwino n'chakuti mwana wolakwa sapulumuka kawirikawiri, chilango chimafika. Ife tinganene kuti kuyambira zaka 12 kupita m'tsogolo, ndipo magawo awiri oyamba muyambe mwaonera nokha akuluakulu.

Tsopano kulipeza. Disney+, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti kumene seweroli limapezeka m'maiko ambiri, inafika ku South Africa mu 2022 koma sinatsegulire Zimbabwe pa nthawiyo, ndipo ngakhale mutapeza njira ya pa intaneti, werengerani data musanayambe. Chithunzi chapakatikati chimadya pafupifupi 0.7 GB pa ola, ndiye maola 55 ndi pafupifupi 39 GB. Chithunzi cha HD chimafika 3 GB pa ola, kutanthauza kupitirira 160 GB. Kwa amene ali ndi faiba kapena Starlink si nkhani, koma pa mabandulo a foni ndi kulowa m'ngongole chifukwa choonera anthu a ngongole.

Njira yodalirika ndi zimbale za DVD, koma pali misampha itatu. Woyamba: ku America kunatuluka sizoni yoyamba yokha pa DVD, mu 2002, zotsalazo zinakanika chifukwa cha mtengo wa chilolezo cha nyimbo zimene zili m'seweroli. Ndiye wachibale wa ku America akakulonjezani bokosi lonse, mwina akunena la kwina. Masizoni onse 7 anatuluka ku Britain ndi ku Australia. Kwa ife chophweka ndi kutuma wachibale wa ku Britain, kapena kufufuza ku South Africa n'kutumiza pa basi yofikira pa Roadport. Wachiwiri ndi wa zigawo za DVD: dziko lapansi analigawa m'zigawo zotchedwa Region, ndipo makina a chigawo china amatha kukana chimbale cha chigawo china. Zimbale za ku Britain ndi za Region 2, chimodzimodzi South Africa, za ku Australia ndi Region 4, za ku America Region 1, pamene Zimbabwe ili mu Region 5. Makina otsika mtengo ambiri ogulitsidwa m'tauni amawerenga zigawo zonse, koma a mayina akuluakulu, ma PlayStation ndi makompyuta amakonda kukana. Yang'anani kumbuyo kwa makina anu: pali kachizindikiro ka dziko lapansi kokhala ndi nambala, kapena mawu akuti ALL. Pa laputopu musalole kuti isinthe chigawo mwachisawawa, chifukwa ambiri amalola kusintha kasanu kokha kenako amatsekeka pa chomalizacho. Pulogalamu ya VLC nthawi zambiri imatsegula chimbale popanda kusintha kanthu. Msampha wachitatu ndi mawu olembedwa pansi pa chithunzi. Musaganize kuti bokosi lililonse lili nawo. Amene akukugulirani awerenge kumbuyo kwa bokosi asanalipire, chifukwa monga tanenera, kulankhula kwake n'kothamanga, ndipo mnzake wa Malcolm, Stevie, amalankhula monong'ona, mawu awiri n'kupuma.

Bokosi likafika, werengani magawo sizoni ndi sizoni malinga ndi manambala aja, ndipo zondani pansi pa chimbale chilichonse. Cha ku fakitale chimakhala chasiliva. Chofiirira kapena chooneka ngati buluu ndi chowotcha pa kompyuta, ndipo chimenecho chimayamba kudumphadumpha chikakhala pa dzuwa la pa windo miyezi yochepa. Chimbale chikada pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira.

Tikudziwa kuti ambiri amangopita kwa anyamata okopera mafilimu pa fulashi. Makope amenewo alibe chilolezo, ndipo kupatula zimenezo, ndi kumene madandaulo ambiri amachokera. Gawo limodzi la chithunzi wamba limatenga pakati pa 150 ndi 200 MB, ndiye onse 151 ndi pafupifupi 26 GB, zokwana pa fulashi yeniyeni ya 32 GB movutikira. A chithunzi chowala cha 720p amafika 400 MB limodzi, onse pamodzi 60 GB, ndipo fulashi yolembedwa 64 GB imakhala ndi malo ochepera pamenepo, ndiye wokopera amangosiya magawo omaliza osakuuzani. Choipa kwambiri ndi mafulashi abodza ogulitsidwa m'misewu: kunja alemba 64 GB, m'kati muli 8 GB. Kompyuta imaonetsa mayina a mafayilo onse bwinobwino, sizoni yoyamba ndi yachiwiri zimasewera, zotsalazo zimakana kutseguka chifukwa sizinalembedwe n'komwe. Musanachoke pamalopo tsegulani gawo lomaliza la sizoni ya 7 ndi limodzi la pakati, n'kuthamangitsa mpaka kumapeto. Vuto lina ndi la TV. Ma TV otsika mtengo ambiri sawerenga mafayilo a mtundu wa x265, amafuna a mtundu wa x264 ya MP4. Ena amaonetsa chithunzi popanda mawu chifukwa sadziwa mawu a mtundu wa AC3. Ndipo akale amafuna fulashi yofomatidwa mwa FAT32, yofomatidwa mwa exFAT saiona n'komwe.

Pa kaonekedwe ka chithunzi pali kanthu kena koseketsa. Seweroli linajambulidwa motambalala koma m'zaka zoyamba anthu ankalionera pa ma TV a makona anayi aja, ndiye ojambula sankasamala kwenikweni za m'mphepete. M'makope otambalala a 16:9 nthawi zina mumaona m'mbali zinthu zimene sizinayenera kuoneka, monga mwana wina woimira Dewey. Si vuto la chimbale chanu. Chimene muyenera kukonza ndi makina: ngati nkhope zikuoneka zazitali kapena zofutukuka, lowani mu Setup ya DVD n'kuika TV Type pa 16:9, ndipo pa TV musankhe Original kapena Just Scan m'malo mwa Zoom. Ngati makina ali ndi HDMI gwiritsani imeneyo. Waya wa mitu itatu, wachikasu, woyera ndi wofiira, umachititsa chithunzi kuoneka chosawala pa TV yaikulu.

Magetsi a ZESA akapita, masamu ake ndi awa. TV ya LED ya mainchesi 32 imadya pakati pa 40 ndi 50 W, makina a DVD pakati pa 10 ndi 15 W, tinene 60 W zonse pamodzi. Batire la 12 V 100 Ah limasunga 1,200 Wh, koma la asidi kapena la gel simuyenera kulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye zogwiritsa ntchito ndi 600 Wh. Inveta imadyako pafupifupi 15 pa 100 iliyonse, kutsala 500 Wh. Amenewo ndi maola 8, kapena kuti magawo 21 kapena 22, sizoni yathunthu, ngati simunalumikizeko china chilichonse. Mukawonjezera mababu atatu ndi kutchaja mafoni a nyumba yonse, yembekezerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Batire la lithiamu la kukula komweko limapereka pafupifupi kuwirikiza kawiri. Inveta yotsika mtengo ya modified sine wave imachititsa masipika kung'ung'udza, ndipo poti seweroli lilibe phokoso la kuseka lobisa zimenezo, kung'ung'udzako kumamveka kwambiri m'malo a chete. Zikatero chotsani masipika akunja mumvere a TV. Firiji isakhale pa inveta yomweyo, chifukwa ikamadzuka imakoka mphamvu yambiri mwadzidzidzi, makina a DVD amazima n'kuyambiranso pa menyu, ndipo ambiri otsika mtengo sakumbukira pamene munalekezera.